Funsani Ba Sister: Achimwene anapulumuka pa ngozi, nanga chawapha nchiyani?

Mwezi uno mauthenga abwera ambiri pa WhatsApp koma ndasankhapo atatu chifukwa onse akuzungulira pa chinthu chimodzi, sepsis. Inu munafunsa za BP ndi shuga mundidikire mwezi wamawa. Kalata yoyambayi ndaiwerenga kanayi konse ndiye yankho lake litalika, mupirire nane.

FUNSO

Ba Sister ndalemba ndi mtima wosweka. Achimwene anga aakulu anagundidwa ndi minibasi pa Kafue Road akuchokera kuntchito, anathyoka fupa la ntchafu ndi nthiti zitatu. Opaleshoni inayenda bwino, tsiku lachinayi anayamba kumwa phala mpaka kumaseka nafe kufunsa za mpira, tonse tinati Mulungu ndi wamkulu. Manje tsiku la 9 thupi linatentha, anayamba kupuma mothamanga, kubwebweta kumaitana amayi amene anamwalira kalekale, anawatengera ku ICU ndipo patapita masiku atatu anatisiya. Adokotala anangoti ni sepsis. Abale a kumudzi ku Katete akukana, ati munthu amene anayamba kudya ndi kuseka sangafe choncho, akuloza alamu anga kuti anathira chinachake mu phala. Ine alamuwo ndimagona nawo limodzi pa simenti kuchipatala masiku onse aja, ndinaona mmene amalirira. Sepsis imeneyi ni chani, ndikawauze chani amalume?

Mlongo wolira, Chawama

YANKHO

Pepani mwananga, pepani kwambiri, ndipo mukawagwire dzanja alamu anuwo chifukwa iwo akulira kawiri, mwamuna wapita kwinaku zala zikuwaloza. Zimene mwafotokozazi, kupezako bwino masiku angapo kenako kutentha thupi, kupuma mothamanga, kubwebweta, ndi mmene sepsis imayendera kwa munthu wovulala kwambiri. Ndagwira ntchito mu wodi ya ovulala zaka zambiri ndipo ndaziona kwa anyamata amene analibe ngakhale mkazi wowaphikira phala, amadya chakudya cha chipatala chokhachokha. Alamu anu muwasiye.

Sepsis si dzina la kachilombo ayi. Ndi pamene tizilombo talowa penapake, kaya m'mapapo, pachilonda, m'chikhodzodzo kapena m'magazi, ndiye thupi pofuna kudziteteza limasokonekera n'kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe, impso, mapapo, chiwindi, ubongo. Umu ndi mmene akatswiri anagwirizanirana kuitanthauzira mu 2016. Kubwebweta kuja ndi ubongo umene wayamba kuvutika, kupuma mothamanga kuja ndi mapapo komanso magazi amene asanduka a asidi. Ndipo si matenda osowa, kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya zamankhwala ya The Lancet mu 2020 anawerengera kuti mu 2017 anthu 48.9 miliyoni anadwala sepsis ndipo 11 miliyoni anamwalira, ndiye kuti pa maliro 5 alionse padziko lapansi amodzi anali a sepsis, ndipo kuno kum'mwera kwa Sahara ndi kumodzi kumene imapha kwambiri. Kungoti ife timaitchula mayina ena, timati anafa ndi chibayo, anafa ndi malungo aakulu, anafa atachira kumene mwana, osadziwa kuti kumapeto kwake njira inali imodzi.

Koma funso lenileni la amalume ndi ili, munthu wagundidwa ndi galimoto, zikukhudzana bwanji ndi tizilombo patapita sabata yonse? Funso limeneli linavutitsanso madokotala okha kwa zaka zambiri. Amaona munthu wa ngozi tsiku loyamba lomwe thupi latentha, mtima ukuthamanga, mapapo akudzaza madzi ngati ali ndi matenda a mabakiteriya, koma akatenga magazi kupita nawo ku labu osapezamo kachilombo ngakhale kamodzi. Kwa nthawi ndithu ambiri amaganiza kuti mwina mabakiteriya a m'matumbo ndi amene amathawira m'magazi munthu akataya magazi ambiri.

Amene anatsegula maso anthu ndi dokotala wa maopaleshoni a ovulala ku Boston, Carl Hauser, pamodzi ndi gulu lake, zimene anapeza zinatuluka mu magazini ya sayansi ya Nature mu 2010. Ndiyesetse kufotokoza mwachidule. M'maselo a thupi lathu muli tizinthu ting'onoting'ono totchedwa mitochondria, titi ndi mbaula za selo, ndi timene timasandutsa nsima mwadya ija kukhala mphamvu. Ndiye chodabwitsa ndi chakuti makolo a mitochondria anali mabakiteriya. Zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo analowa m'selo lina n'kukhazikika momwemo ngati mkamwini, kulima munda wa apongozi mpaka aliyense kuiwala kuti anali mlendo. Koma kalankhulidwe ka kwawo sanakataye, mpaka lero ali ndi DNA yawoyawo yozungulira ngati ya bakiteriya ndipo mapuloteni amene amapanga amayamba ndi kachizindikiro kofanana ndi ka mabakiteriya. Akakhala mkati mwa selo palibe vuto, alonda sawamva. Koma minibasi ikaphwanya ntchafu, maselo ankhaninkhani amasweka nthawi imodzi ndipo zidutswa za mitochondria zimakhuthukira m'magazi. Asilikali a m'thupi, makamaka aja otchedwa ma neutrophil amene amathamanga koyamba, akamva kalankhulidwe kaja amati mdani walowa. Gulu la Hauser linapeza DNA imeneyi yochuluka zedi m'magazi a anthu a ngozi, ndipo atabaya zidutswa zomwezo mu makoswe abwinobwino mapapo a makoswewo anawonongeka popanda kachilombo kalikonse.

Inu a ku Chawama mukudziwa zimene zimachitika usiku wina akakuwa kuti kawalala. Komboni yonse imadzuka, wina ndi mpini wina ndi mwala, amene wapezeka pamsewu ndi yemweyo, mwana wa neba amene amachokera ku shift ya usiku amamenyedwa, ka ntemba ka amayi ena kamagwetsedwa, wakuba weniweni palibe. Thupi la munthu wovulala kwambiri limachita chimodzimodzi. Mu 2011 ofufuza a ku America anayeza magazi a anthu 167 ovulala kwambiri ndipo anapeza kuti ma gene (malangizo amene selo limatsatira pogwira ntchito) oposa 80 pa 100 alionse a m'maselo oyera a m'magazi, asilikali aja, anali atasintha kagwiridwe ka ntchito, zinayamba m'maola ochepa chichitikireni ngozi ndipo mwa ena zinakhala choncho kwa masabata. Taganizani, munthu akuseka nanu kufunsa za mpira koma mkatimo muli chipwirikiti chotero, kunja sikuoneka kanthu.

Ndiye pali mbali yachiwiri imene ine imandipweteka kwambiri chifukwa ndi imene imatenga anthu ngati achimwene anu. Anthu aja athamanga usiku wonse, m'mawa onse atopa agona, mageti ali pululu, apa ndi pamene wakuba weniweni amalowa masana dzuwa likuswa mtengo. Gulu lomwelo la Hauser linadzaonetsanso mu nyama zoyesera kuti zidutswa zochokera pa fupa lothyoka zimakokera ma neutrophil kumeneko ndi kuwagonthetsa, ndiye mapapo amatsala opanda mlonda wokwanira. Onjezanipo nthiti zitatu zothyoka, munthu sangapume mozama kapena kutsokomola bwino chifukwa cha ululu, makhololo amakhazikika pansi pa mapapo, wagona chagada masiku ambiri, ali ndi kapaipi ka mkodzo ndi singano ya drip pamkono, zonsezo ndi zitseko. Wofufuza wina, Richard Hotchkiss wa ku Washington University ku St. Louis, wathera zaka zambiri pa mbali imeneyi. Anaonetsa kuti mu sepsis asilikali otchedwa ma lymphocyte amafa ambirimbiri, kuphatikizapo ma CD4 omwe aja timawadziwa kuchokera ku nkhani ya HIV. Mu 2011 gulu lake linayeza kapamba (spleen pa Chingerezi) wa anthu 40 amene anamwalira ndi sepsis ku ICU ndipo maselo awo amatulutsa mankhwala olimbana ndi matenda osafika ngakhale 10 pa 100 ya a anthu ena. Asilikali analipo ena koma anali olefukiratu. Anthu amenewo anali m'zipatala za ku America zokhala ndi makina onse, ndiye musamadzizunze kuti mwina tikanakhala ndi ndalama.

Tsopano za amalume. Musakakangane nawo pa foni, sizithandiza, nawonso akulira mwana wa mlongo wawo ndipo mtima wa munthu umafuna wina woti umuloze. Apempheni abwere, mupite nawo limodzi ndi alamu anu kuchipatala mukapemphe kuonana ndi dokotala amene amawaona achimwene, muli ndi ufulu wofunsa ndipo madokotala ambiri amavomera mukapita mwaulemu. Mukafunse kuti tizilombo tinayambira pati, m'mapapo kapena pabala, ndi chiwalo chiti chinayamba kulephera. Amalume akamva ndi makutu awo kuchokera kwa amene anaona X-ray zimasiyana ndi kumva kwa inu mwana. Ndipo pa nkhani ya katundu ndi ana, mukhale mbali ya alamu anu, mawu akuti anathira mu phala nthawi zambiri amatsogolera kulanda nyumba.

FUNSO

Ba Sister amayi anga agonekedwa, akuti ali ndi sepsis yoyambira mu mkodzo. Ndinawerenga pa Facebook kuti kunja munthu wa sepsis amamuthira ma drip ambiri msangamsanga ola loyamba lomwe, koma apa anesi akuchepetsa dala, ikungodontha pang'onopang'ono. Ndinakangana nawo dzulo. Mnzanga amene akudikirira bambo ake bedi yoyandikana akuti usiku tizingotsegulako tokha kagudumu kaja. Kodi nditero?

Mwana wa mayi, Matero

YANKHO

Ayi bambo, chonde musakhudze kagudumu kameneko, ndipo mnzanuyo mumuuze lero lomwe. Mukhoza kuwamiza amayi anu ali pabedi.

Zimene munawerengazo si bodza, malangizo a mayiko ambiri amanenadi za madzi okwana mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya munthu m'maola atatu oyamba ngati BP yagwa. Koma nkhani imeneyi inayesedwa konkuno ku Lusaka ndipo zotsatira zake zinagwedeza madokotala dziko lonse, ine zimandinyaditsa kuti yankho linachokera kwathu ngakhale linali lowawa. Mu 2012 ndi 2013 ku chipatala chachikulu cha UTH, Dr Ben Andrews ndi anzake a ku Zambia ndi ku America anatenga odwala akuluakulu a sepsis amene BP yawo inali yotsika, 209 ndi amene anawerengedwa pamapeto ndipo pafupifupi 9 pa 10 alionse anali ndi HIV. Theka anathandizidwa mwa masiku onse, analandira madzi pafupifupi malita 2 m'maola 6 oyamba. Theka lina anatsatira ndondomeko yothira madzi ambiri msanga, pafupifupi malita 3.5. Aliyense amayembekezera kuti a madzi ambiri achira ambiri. Zinatuluka mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 2017, pa gulu la madzi ambiri anamwalira 48 pa 100, pa gulu lina 33 pa 100. Izi zisanachitike panalinso kafukufuku wa FEAST amene anatsogolera Kathryn Maitland ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, ana 3,141 odwala kwambiri ndi thupi lotentha, zotsatira zinatuluka mu 2011, ana othiridwa madzi ambiri mwakamodzi anamwalira oposa 10 pa 100 m'masiku awiri pamene enawo anali 7 pa 100.

Chifukwa chake chikugwirizana ndi zimene ndauza mlongo wa ku Chawama pamwambapa. Asilikali akapenga, mitsempha ing'onoing'ono imayamba kuchucha ngati ndowa yobooka, madzi mwathira aja sakhala mumtsempha, amapita m'mapapo, ndiye munthu amene ali kale ndi magazi ochepa, wowonda, mwina ali ndi TB yobisika, mtima wake ndi wotopa, amayamba kubanika. Kumene kuli makina opumira pa bedi iliyonse akhoza kumunyamula mpaka madziwo atuluke, kwathu kuno mabedi a ICU ndi ochepa. Ndiye nesi akamachepetsa drip, akumamvetsera pachifuwa, kuona mkodzo mu thumba lija, akuchita ntchito yake. Musasokoneze ndi kolera, paja ku Heroes Stadium mu 2024 anthu amathiridwa ma drip motsatizana ndipo zinali zoyenera, chifukwa wa kolera madzi atulukadi m'thupi, pofunika kubwezera. Sepsis ndi nkhani ina.

Ngati mukufuna kuthandiza amayi, funsani za jakisoni wa ma antibiotic, kuti anayamba nthawi yanji ndipo wotsatira ndi wa nthawi yanji, chifukwa pamenepo ndi pamene ola lililonse limawerengedwa. Lembani mu foni nthawi imene akodza ndi kuchuluka kwake, mukaona akupuma movutika kapena asiya kukuzindikirani thamangani mukaitane nesi ngakhale ndi 02:00 usiku. Ndipo mukawapepese anesi aja, mudzawafuna.

FUNSO

Atate anadwala sepsis atachitidwa opaleshoni ya m'mimba, anachira anatuluka, koma miyezi iwiri tsopano ndi ofooka, aonda, amaiwalaiwala, kuyenda kufika pa geti ndi nkhondo. Mayi wina wa kutchalitchi akugulitsa ma immune booster K900 botolo, akuti chitetezo chawo chinatsika. Tigule?

Mnyamata wa ku Kalingalinga

YANKHO

K900 imeneyo kagulireni atate mazira, kapenta, nyemba, nsinjiro ndi mkaka. Zoti chitetezo chawo chinasokonekera ndi zoona ndithu, madokotala a ku University of Florida anaipatsa dzina mu 2012, PICS, kutanthauza kuti munthu wapulumuka koma thupi likupitirira kutupa mkati pang'onopang'ono, asilikali ndi ofooka, komanso thupi likudya minofu yake. Kufooka ndi kuiwalaiwala pambuyo pa sepsis kumachitika kwa ambiri ndipo kumatenga miyezi, ena mpaka chaka.

Koma chitetezo si thanki yoti ungothiramo za m'botolo n'kudzaza. Makampani akuluakulu a mankhwala anayesa ma trial oposa 100 kufuna mankhwala okonza chitetezo mu sepsis, ambiri anali oziziritsa asilikali opengawo, ndipo pafupifupi onse analephera. Amodzi otchedwa Xigris a kampani ya Eli Lilly anavomerezedwa mu 2001, anali odula koopsa, mu 2011 anawachotsa pamsika ataona kuti sakupulumutsa anthu. Vuto ndi lakuti odwala awiri ogona moyandikana, wina asilikali ake akuwotcha nyumba wina ake agona, mankhwala othandiza uyu akhoza kupha uyo, ndipo munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Panopa ofufuza monga Hotchkiss uja akuyesa njira yodzutsa asilikali otopa, mu 2018 anatulutsa zotsatira za mankhwala otchedwa IL-7 amene anawayesa pa odwala 27 okha ku France ndi ku America ndipo ma lymphocyte anachulukadi, koma akadali kafukufuku, sizinafike pa shelefu ya pharmacy iliyonse. Ndiye botolo la mayi a kutchalitchi lisakunamizeni, ena mwa mabotolo amenewa amapweteka chiwindi ndi impso zimene zangopulumuka kumene.

Chimene chimathandiza ndi chotopetsa koma chimagwira, kudya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, kuyenda tsiku lililonse lero pa geti mawa kupitirirako pang'ono, kusaphonya review. Ku kiliniki mukapemphe awayeze TB, shuga ndi kuchuluka kwa magazi chifukwa kuonda kotere nthawi zina kumabisa zina, ngati ali pa ma ARV asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo mufunse ngati pa opaleshoni paja anachotsa kapamba chifukwa munthu wopanda kapamba amafunika katemera wa chibayo komanso malungo pang'ono okha kwa iye ndi nkhani ya chipatala tsiku lomwelo.

Munthu amene anadwalapo sepsis imatha kumubwereranso makamaka miyezi yoyambirira, ndiye pakhomo panu aliyense adziwe zoyang'ana. Atate akayamba kuyankhula zosamveka kapena kugona kosadzutsika bwino, akatha tsiku lonse osakodza, akayamba kunjenjemera, bala la opaleshoni likafiira kapena kutuluka mafinya, musayambe ndi Panado kapena ma amoxicillin otsala mu kabati, nyamukani. Thupi silitentha nthawi zonse ayi, achikulire ena amazizira m'malo motentha ndipo amenewo ndi amene timachedwa nawo. Ngati muli ndi kamakina ka BP, nambala ya pamwamba ikafika 100 kapena kutsikirapo ndi chizindikiro. Ngati mulibe, tengani foni muike stopwatch, atate atagona phee musawauze kuti mukuwerenga, yang'anani chifuwa chikamakwera kwa mphindi imodzi yathunthu, munthu wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka ka 20, mukawerenga ka 22 kapena kuposa apo pitani nawo, ndipo mukafika pa tebulo la nesi nenani mawu awa poyamba, anadwalapo sepsis miyezi iwiri yapitayo.